Musanagule bottom bracket yatsopano, pezani kaye chimene chikulira

Achimwene, mwati njinga yanu ikumalira kwee kwee mukamapalasa, makamaka pachitunda, ndipo mwathira oilo pa tcheni koma sizinathandize, tsono mukufuna kugula bottom bracket yatsopano (chitsulo cha mabeyaring'i chokhala pansi pa fulemu, mmene shafiti ya mapedulo imazungulira) poti phokosolo mukulimvera pansi, pakati pa mapedulo. Dikirani kaye. Fulemu ya njinga ndi mapaipi amphako, ndipo phokoso limayenda m'mapaipimo. Chishalo chikalira, khutu limaloza pansi. Nati ya gudumu lakumbuyo ikamasuka, khutu limalozanso pomwepo. Mungathe kugula chitsulocho, kumangirira, n'kupeza kuti njinga ikulirabe monga dzulo.

Pitani nayo pamalo abata, mupalase, kenako musiye kupalasa iziyenda yokha. Phokoso likapitirira, vuto lili kumagudumu: masipoko, habu (chitsulo chapakati pa gudumu) kapena mabuleki. Likasiya, yambaninso kupalasa uku mukuwerenga. Likamamveka kamodzi nthawi iliyonse pedulo ikazungulira, phazi likafika pamalo amodzimodzi, ndiye kuti chikulira ndi chinthu chimene chikupanikizika ndi mphamvu ya mwendo wanu. Likamabwera pedulo itazungulira kawiri kapena katatu, phazi n'kumva ngati chadumpha, ndi tcheni chimene mfundo yake imodzi yauma.

Kenako imirirani pamapedulo, mupalase osakhala pachishalo. Phokoso likatha, mwapeza kale: ndi chishalo kapena paipi yake. Zulani paipiyo, muipukute pamodzi ndi mkati mwa fulemu mmene imalowa, mupake girisi pang'ono n'kumanganso. Pukutaninso tizitsulo tiwiri tapansi pa chishalo ndi kumangitsa bawuti yake. Ngati paipiyo kapena fulemu ndi ya carbon, musapake girisi wamba, chifukwa iziterereka. Pali phala lakelake la carbon lothandiza kuti igwire popanda kumangitsa mopyola muyezo. Phokoso likakula mutaimirira, tsikani, mupanikize gudumu lakutsogolo pakati pa miyendo, mupotokole mahandulo ndi kuwakankhira pansi mbali iyi ndi iyo. Pachitunda munthu amakoka mahandulo mwamphamvu osadziwa, ndiye mabawuti ake akakhala ouma amalira mogwirizana ndi kupalasa. Onaninso manati a magudumu onse awiri, kapena kachogwirira komangira gudumu ngati njinga yanu ili nako. Zonsezi sizitenga mphindi khumi.

Zikakanika zimenezi, gwirani kilanki, mkono uja wolumikiza pedulo ndi shafiti yapakati. Apa ndipamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa pamenepa kuchedwa kumawonongetsa. Gwirani kumapeto kwake, muigwedeze cholowetsa ku fulemu ndi chotulutsa kunja. Ikamagwedera yokha inzake ili phee, kilankiyo yamasuka pa shafiti. Zikamagwedera zonse ziwiri pamodzi, vuto lili mkati, m'mabeyaring'i.

Njinga zambiri zili ndi shafiti ya ngodya zinayi, yowonda chakumapeto. Kilanki imakhala ya aluminiyamu, shafiti ya chitsulo cholimba. Bawuti ikamasuka pang'ono, kupalasa kulikonse chitsulo chimadya aluminiyamu uja, bowo la ngodya zinayi limayamba kukula ndi kubulungira. Likafika pamenepo, ngakhale mumange bwanji imamasukanso, ndipo chotsala ndi kugula kilanki ina. Choncho mukapeza kuti ikugwedera, musakwerenso mpaka mutamanga. Pamafunika sipanala ya soketi ya 14 mm kapena Allen key ya 8 mm, ndipo bawutiyi imafuna mphamvu ndithu, pafupifupi 35 mpaka 40 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira) kwa amene ali ndi sipanala yoyezera. Ka Allen key kakafupi konyamula m'thumba sikafikitsa mphamvu imeneyi. Kawirikawiri imene imayamba kumasuka ndi yakumanzere.

Ngati njinga yanu ndi ya kotapini, kachitsulo kolowa chopingasa kogwira kilanki pa shafiti, nkhani yake ndi ina. Kotapini ikadyeka mumamva kho nthawi iliyonse phazi likayamba kutsika, ndipo kilanki imagwera kutsogolo pang'ono. Kotapiniyo musaikoke ndi nati yake, mathiredi ake ndi ofewa, athothoka. Imalowetsedwa ndi hamala, mutachirikiza kilankiyo pansi ndi chinthu cholimba kuti nkhonyayo isakathere m'mabeyaring'i, kenako ndipamene mumamanga nati. Yodyeka isintheni ndi ya saizi yomweyo, chifukwa 9 mm ndi 9.5 mm zimaoneka zofanana koma sizigwira mofanana. Makotapini a mbali zonse ziwiri alowe moyang'ana kosiyana, apo ayi makilanki sakhala pamzere umodzi. Amene ali ndi makilanki a Shimano Hollowtech II, timabawuti tiwiri takumanzere timamangidwa mosinthanasinthana mpaka 12 kapena 14 Nm basi.

Mapedulo nawo amalira kwambiri, ndipo anthu amawaiwala. Amasuleni onse ndi sipanala ya 15 mm, mupukute mathiredi, mupake girisi, mumangenso zolimba. Chenjerani ndi yakumanzere: mathiredi ake ndi otembenuza, imamasuka mukapotokola mbali imene muvi wa wotchi umalowera. Njira yosavuta kukumbukira ndi yakuti, sipanala italoza m'mwamba, mapedulo onse awiri amamasuka mukaikankhira kumbuyo kwa njinga. Pedulo muli nayo m'manja choncho, izungulizeni ndi chala. Ikamakhakhala kapena kugwedera pa shafiti yake, mabeyaring'i ake atha. Ngati mnzanu ali ndi njinga, bwerekani mapedulo ake muyesere, yankho mulipeza nthawi yomweyo. Mukadali pamenepo, mangitsani timabawuti togwira sipoketi yakutsogolo, timene nthawi zambiri timafuna Allen key ya 5 mm.

Pali kanjira kena kothandiza zikavuta: thirani madzi pang'ono pamalo amodzi okha amene mukuwakayikira, mukwere. Phokoso likazimirira kwa kanthawi, malo ake ndi amenewo. Musathire paliponse nthawi imodzi, simudziwa chimene chathandiza. Mankhwala opopera ngati WD-40 amachitanso chimodzimodzi, koma si girisi, ndipo mukawapopera m'mabeyaring'i amasungunula girisi amene analimo.

Tsopano bottom bracket ija. Chotsani tcheni pa sipoketi, muzungulize makilanki pang'onopang'ono dzanja lina lili pa fulemu. Yabwino imazungulira mwamyaa. Mukamva kukhakhala ngati muli mchenga, kapena kugwedera kwa mbali zonse kuja, ndiye yafika nthawi yoitsegula. Ya mtundu wakale, ya makapu ndi timipira tachitsulo, imakonzeka: kutsuka, kusintha timipira, tomwe nthawi zambiri timakhala ta kotala ya inchi, 11 mbali iliyonse tikakhala topanda kachingwe kotigwira, kupaka girisi ndi kuichuna kuti isagwedere komanso isalimbe. Yomatiratu ikatha mumangosintha yonse. Koma nthawi zambiri mabeyaring'i amakhala abwinobwino, chimalira ndi kapu youma m'mathiredi a fulemu, ndipo kuimasula, kupukuta, kupaka girisi ndi kumanganso kumathetsa nkhani popanda kugula kanthu. Pa njinga zambiri kapu ya mbali ya tcheni ndi yotembenuza ngati pedulo yakumanzere ija, choncho musaikakamize musanatsimikize.

Musanayambe zonsezi, tsukani njinga, muyang'ane fulemu powala bwino, makamaka mowotcherera mozungulira bottom bracket, pamene paipi ya chishalo imalowa, ndi kuseri kwa sipoketi. Kamzere kowonda ngati tsitsi, kapena penti yosweka motsata mzere, ungakhale mng'alu. Onaninso kilanki pafupi ndi bowo la pedulo. Mukapeza mng'alu njingayo musaikwere ndithu, makamaka ngati ndi ya aluminiyamu, chifukwa imatha kuthyoka mwadzidzidzi muli pa liwiro.

Mutiuze mtundu wa makilanki anu, komanso ngati phokoso likusiya mukaimirira. Mukatha, tumizani chithunzi cha mbali yakumanzere chojambulidwa pafupi, tione sipanala imene mukufunika.