Foni ndi mahedifoni oti mukhale nazo zaka: mmisiri akuyankha

Amisiri, ndatopa ndi mafoni amene akangokwanitsa chaka ndi theka amayamba kufiriza ndi kutha moto msanga. Ndikufuna yoti ndikhale nayo nthawi yaitali, koma yodula zedi sindingakwanitse. Pogula ndiziyang'ana chiyani?

Achimwene, manambala akuluakulu olembedwa pa bokosi muyambe mwawasiya kaye. Funso loyamba likhale ili: kampani yopanga foniyi idzasiya liti kuitumizira ma update, amene amakonza ndi kutsitsimutsa pulogalamu yoyendetsa foni? Ogulitsa ambiri yankho sakhala nalo, ndiye fufuzani nokha pa webusaiti ya kampaniyo ndalama zikadali m'thumba. Mafoni ambiri amene eni ake amabwera nawo akuti afa amakhala ali bwinobwino mkati, kungoti kampani inawasiya. Pulogalamu ya banki imayamba kukana kutseguka, kenaka zina zimatsatira. Mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi 6 Plus chifukwa mafoniwa sangalandire iOS 15.1. Pamenepo mmisiri alibe choti awotcherere kapena kusintha.

Zaka zimene makampani amalonjeza zakwera. Google inalonjeza zaka 7 pa Pixel 8 mu 2023, Samsung nayo zaka 7 pa Galaxy S24 mu 2024, ndipo ngakhale foni yotsikirapo mtengo ngati Galaxy A16 5G inapatsidwa zaka 6. Chenjezo lake n'lakuti zakazi amayamba kuziwerenga pamene foniyo inatuluka pa msika, osati tsiku limene inu mwaigula. Foni yolonjezedwa zaka 4 imene yakhala pa shelefu zaka 2 mwaigula itatha kale theka la moyo wake, ngakhale bokosi lili lomata.

Chachiwiri ndi batire. Batire lili ngati matayala a njinga: adzatha ndithu, koma simutaya njinga chifukwa cha matayala. Apple imanena kuti batire la iPhone 14 ndi akale limasungabe 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa modzaza ka 500, ndipo la iPhone 15 ka 1000. Munthu amene amathetsa moto wonse tsiku lililonse amafika pa 500 chaka chachiwiri chisanathe, ndipo n'chifukwa chake mafoni anu amayamba kukuvutitsani nthawi imene mwatchulayo. Choncho musanagule, funsani mmisiri aliyense amene mumamukhulupirira ngati batire ndi sikirini za mtundu umenewo zimapezeka mosavuta. Akayamba kukanda mutu, foniyo isiyeni. Mtundu umene anthu ambiri ali nawo, ngakhale usaoneke wapamwamba, zipangizo zake sizisowa. Kuyambira pa 20 June 2025 mayiko a European Union amalamula kuti batire la foni yatsopano lizipirira kutchajidwa ka 800, zipangizo zosinthira zizipezeka zaka 7 ndipo ma update zaka 5 mtunduwo utasiya kugulitsidwa. Ngati foni imene mukuifuna imagulitsidwanso kumeneko, ndiye kuti inayenera kukwaniritsa zimenezi, ndipo chikalata chake mungachione pa intaneti.

Kufiriza kuja nthawi zambiri kumachokera ku memole. Musatsike pansi pa 128GB yosungira zinthu, chifukwa memole ikatsala pang'ono kudzaza foni imayamba kuchedwa. Onaninso mtundu wa memoleyo, ngati alemba UFS kapena eMMC. Ya eMMC singathe kuwerenga ndi kulemba nthawi imodzi, pamene ya UFS imatha, ndipo kusiyanaku mudzakumva chaka chachiwiri mafoto ndi mapulogalamu zitachuluka. Pa RAM, memole imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu, 6GB ndi pabwino. Mukaona alemba kuti "4GB+4GB", dziwani kuti RAM yeniyeni ndi 4GB basi. Inayo amangobwereka ku memole yosungira zinthu, imene ndi yochedwa kwambiri.

Za makamera sinditaya nthawi. Makamera anayi kumbuyo, awiri mwa iwo a 2MP, amaikidwa kuti foni ioneke yodula. Imodzi yabwino yokhala ndi OIS, imene imachepetsa kugwedezeka kwa dzanja, imaposa onsewo.

Amisiri, mwana wanga akuti ndigule foni yapamwamba yogwiritsidwapo kale ntchito m'malo mwa yatsopano yotchipa. Akunena zoona?

Mayi, mwanayo ali ndi mfundo, bola foniyo isakhale yakale kupitirira zaka 2 kapena 3 ndipo ma update akadalipo. Mudzapeza purosesa yamphamvu, kamera yabwino ndi thupi lolimba. Koma sikirini yake ikasweka, makamaka ya AMOLED yopindikira m'mbali, kusintha kumadula moti ambiri amangoisiya foniyo kwa mmisiri osabweranso. Muikireni kava ndi galasi loteteza tsiku lomwelo.

Musapereke ndalama musanachite izi pamaso pa wogulitsa. Imbani *#06# kuti nambala yozindikiritsa foniyo, ya IMEI ya manambala 15, ituluke, muifananize ndi ya pa bokosi kapena pa lisiti. Muuzeni achotse akaunti yake ya Google kapena ya iCloud, afufute zonse, foniyo iyake ngati yatsopano inu mukuona. Akati mawu achinsinsi anaiwala, musamvere za kuti kuli anthu amene amatsegula. Foni yotero ikhoza kukhala yobedwa, ndipo iPhone yokhoma pa iCloud phindu lake ndi zipangizo zokha. Pa iPhone onani Battery Health, yosonyeza mphamvu zimene batire latsala nazo: ikafika pa 80 peresenti kapena kutsikirapo, muchotseretu mtengo wa batire latsopano pa ndalama zimene akufuna. Tsegulani chithunzi choyera mbee, mukweze kuwala, muyang'ane ngati pali zithunzithunzi za kiyibodi kapena mawanga amene sakuchoka. Kenaka igonekeni pa tebulo losalala n'kuyang'ana m'mbali mwake. Mukaona kampata pakati pa sikirini ndi thupi, kapena kumbuyo kwatukuka, batire latupa. Batire lotupa likhoza kuyaka, choncho musaitchaje n'komwe. Pomaliza lowetsani tchaja n'kugwedeza waya pang'ono kuti muone ngati ikudukiza.

Amisiri, ma earbuds anga a Bluetooth poyamba ankakhala maola ambiri, pano sakutha ngakhale ola limodzi. Angakonzeke? Ngati ayi, ndigule otani okhalitsa?

Achemwali, ndikuuzeni zoona: ambiri sakonzeka. Kabatire ka m'kati mwa chilichonse n'kakang'ono zedi, kawirikawiri kosafika 100 mAh, pamene la foni limakhala la 5000 mAh. Kamathetsedwa moto ndi kudzazidwanso pafupipafupi, ndipo nthawi iliyonse mukazibwezera m'kabokosi kake zimatchajidwa mpaka 100 peresenti n'kukhala choncho, zimene mabatire a lithium sagwirizana nazo. Vuto lalikulu ndi guluu. Mukafuna kutsegula muyenera kutenthetsa msoko, kulowetsa kampeni kopyapyala, ndipo pansi pomwepo pamadutsa kawaya kosalala ngati pepala kopita ku maikolofoni. Dzanja likaterereka pang'ono, kawayako kaduka ndipo ntchito yathera pomwepo. A iFixit, amene amatsegula zipangizo n'kuzipatsa malikisi a kukonzeka kwake, anapatsa AirPods oyamba 0 pa 10. Si onse ali choncho: kampani ya ku Netherlands ya Fairphone inatulutsa Fairbuds mu 2024, amene mabatire ake mwini amasintha yekha. Koma otere ndi ochepa. Ma earbuds muziwagula mukudziwa kuti ndi a zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ine sindiona chifukwa choikirapo ndalama zambiri.

Ngati chimene mukufuna ndi kukhalitsa, mahedifoni a waya ndiwo oyamba, chifukwa mulibe batire loti lithe. Amene amafa ndi waya, ndipo pafupifupi nthawi zonse amafera malo amodzi, pamene waya amalowa mu pulagi. Mukasenda pamenepo mumapeza timawaya ta kopa tating'ono ngati tsitsi, topakidwa utoto wofiira, wobiriwira kapena wabuluu, tina titaduka chifukwa chopindidwapindidwa m'thumba. Khutu limodzi likamamveka pokhapokha mutagwira waya mwa njira inayake, vuto ndi limeneli, ndipo mmisiri amangodula n'kuwotcherera pulagi ina. Abwino koposa ndi amene waya wake amazuka, monga a MMCX kapena a mapini awiri, chifukwa mumangogula waya wina. Kuyambira pa iPhone 7 mu 2016 mafoni ambiri anachotsa kabowo ka mahedifoni ka 3.5mm, koma kawaya kolumikizira ku kabowo kotchajira foni kamathetsa nkhaniyo. Ngati mumakonda a waya, muone ngati kabowoko kalipo pa foni imene mukugula. Mafoni ambiri otsika mtengo akadali nako.

Ngati Bluetooth simungaisiye, tengani aakulu ovala pamutu. Batire lake ndi lalikulu, ndipo ambiri amakhala ndi kabowo ka waya, moti batire likadzatha mudzawagwiritsabe ntchito. Funsani ngati zofewa za m'makutu zija zimasinthika, pakuti ndi zimene zimayamba kusupuka ndi thukuta, ndipo pindani pang'ono pamahinje kuti mumve ngati pulasitiki yake ikulira. Musalipire zambiri chifukwa alemba LDAC kapena aptX, njira zotumizira mawu pa Bluetooth, ngati foni yanu ndi iPhone, chifukwa iPhone sizigwiritsa ntchito zimenezo; imagwiritsa ntchito AAC ndi SBC. ANC, yochepetsa phokoso lakunja, imathandiza pa phokoso longong'ung'udza monga la injini, koma mawu a anthu samathera. Ubwino wake weniweni n'ngwakuti simukweza voliyumu kwambiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa 80 dB, muyezo wa kukwera kwa mawu.

Amisiri, mbali imodzi ya ma earbuds anga ikumveka motsika, komanso analemba IPX4. Ndingawatsuke ndi madzi?

Ayi, achimwene, musawaviike. IPX4 imangotanthauza kuti amapirira madzi owaza ndi thukuta. Ngakhale foni ya IP67, imene inayesedwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, inayesedwa ili yatsopano, m'madzi opanda sopo kapena mchere, ndipo ikagwa pansi kapena kutsegulidwa, guluu wotchinga madzi uja amafooka.

Kutsika kwa mawuko nthawi zambiri ndi litsiro la m'khutu limene latseka kasefa kotulukira mawu. Chotsani labala ija yolowa m'khutu, muitsuke payokha n'kuiumitsa. Kasefako kalozetseni pansi, mukapukute ndi mswachi wofewa wouma kuti litsiro ligwere kunja. Singano ayi, chifukwa imaboola kasefa n'kukankhira litsiro mkati. Zikapanda kusintha, onani mu Settings, pa Accessibility, ngati Audio balance sinasunthire mbali imodzi, kenaka muwayese pa foni ina kuti mudziwe ngati vuto lili m'ma earbuds kapena m'foni.