Muyambire pa kuphatikiza zithunzi, zophulika zibwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti muyambire pati pophunzira VFX, luso lowonjezera kapena kusintha zinthu mu filimu kuti zioneke ngati zenizeni, komanso ngati kompyuta yanu, yomwe mwati ilibe mphamvu kwenikweni, ingakwanitse ntchitoyi. Ine ndikuti muyambe ndi compositing, luso lophatikiza zithunzi ziwiri kapena zingapo kuti zioneke ngati zinajambulidwa ndi kamera imodzi pa nthawi imodzi. Ambiri amathamangira moto, utsi ndi nyumba zogumuka, koma zimenezi ndi zomwe zimalemetsa kompyuta kwambiri, ndipo siziphunzitsa diso kuona chimene chikulakwika pa chithunzi.

Za mapulogalamu musadandaule nazo. Blender ndi yaulere, ndipo DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere momwe muli Fusion, ngakhale Resolve imafuna kompyuta yamphamvuko. After Effects imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Makampani akuluakulu a mafilimu amadalira kwambiri Nuke, yomwe imagwira ntchito polumikiza ma node (timabokosi tomwe kalikonse kamachita ntchito imodzi pa chithunzi) monga momwe Fusion imachitira, choncho amene wazolowera Fusion sasochera akadzafika kumeneko. Sankhani imodzi, mukhale nayo mpaka manja azolowere.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi chakuti ntchito yaikulu ya VFX imachitika pojambula, musanayatse n'komwe kompyuta. Ikani kamera kapena foni pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), mutseke focus (malo amene akuoneka akuthwa pa chithunzi) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala kolowa mu kamera) kuti zisamasinthe zokha, mujambule munthu akuyenda, kenako achokepo ndipo mujambule malo omwewo opanda munthu, kamera osaigwedeza ngakhale pang'ono. Chithunzi chachiwirichi, chomwe amachitcha clean plate, ndicho chingakuthandizeni kuti munthu uja azimiririke kapena aoneke kawiri akudziyankhula yekha. Georges Méliès, wopanga mafilimu wa ku France, ankazimiriritsa anthu poimitsa kamera cha m'ma 1890, kulibe kompyuta iliyonse. Mukamayesa zimenezi mudzazindikira msanga kuti mtambo ukangophimba dzuwa pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri, mzere wolumikizira umaonekera poyera, ndipo phunziro limeneli limaposa mavidiyo ambiri a pa YouTube.

Mukafika pa nsalu yobiriwira, yomwe imaikidwa kumbuyo kwa wosewera kuti pulogalamu idzaichotse n'kuikapo malo ena, muikoke bwino kuti isakhale ndi makwinya, muiwalitse mofanana paliponse, ndipo wosewera aime pafupifupi mamita 2 kuchokera pansaluyo. Akayandikira kwambiri, mthunzi wake umagwera pansalu, komanso kubiriwira kumabwerera pakhungu, m'mapewa ndi m'tsitsi, zomwe zimatenga nthawi yaitali kuchotsa. Asavale chobiriwira kapena chonyezimira. Dziwaninso kuti mafoni ambiri amapanikiza vidiyo kuti ichepe, motero m'mbali mwa tsitsi mumatuluka mosalongosoka, ndiye kuwala kokwanira n'kofunika kwambiri kwa wojambula ndi foni. Pamene nsalu yalephera, chotsala ndi rotoscoping, kudula munthu pamanja potsatira kayendedwe kake. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, kutanthauza kuti masekondi 10 okha ali ndi zithunzi 240, ndipo ngakhale pulogalamu imathandiza kudzaza zapakati, zambiri mumayenera kuziona ndi kuzikonza nokha.

Chinthu chowonjezeredwa chimaoneka chabodza pa zifukwa zochepa zomwe zimabwerezabwereza. Kuwala kwake kumachokera mbali ina pamene dzuwa la m'chithunzi likuchokera mbali inanso, mthunzi wake palibe moti chimangoyandama, kuda kwake sikufanana ndi kuda kwa zinthu zoyandikana nacho, kapena chimaoneka chakuthwa kwambiri pamene chikuyenda. Pojambula pa zithunzi 24 pa sekondi, shutter, yomwe ndi nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse, imakhala pafupifupi 1/50 ya sekondi, ndipo chilichonse choyenda chimachita chimbuuzi pang'ono, choncho chanu chowonjezeracho chiyenera kuchitanso chimodzimodzi. Kamera yoyenda muisiye kaye mpaka mutadziwa tracking, komwe ndi kutsatira kayendedwe ka kamera mu pulogalamu kuti chowonjezeracho chiziyenda limodzi ndi chithunzi, ndipo mukadzayamba, muzimata timitepi pakhoma kuti pulogalamu ipeze poti igwire.

Kompyuta yanuyo ikwanitsa zonsezi ngati muzigwira ntchito ndi ma proxy, omwe ndi makope opepuka a vidiyo, n'kudzabwezeretsa vidiyo yeniyeni pomaliza. Mukapanga shoti yoyamba ya masekondi ochepa, munditumizire shotiyo pamodzi ndi zomwe munajambula musanazikonze, kuti tidzathe kusiyanitsa vuto lochokera pa kamera ndi lochokera pa kompyuta.