Tsitsi lowokera likuthothoka: kodi opaleshoni yalephereka?

Funso: Patha milungu inayi chichitireni opaleshoni yowokera tsitsi pa dazi, ndipo ndayamba kupaka minoxidil, mankhwala othandiza kumeretsa tsitsi. Tsopano tsitsi likungoyoyoka papilo. Ndisiye mankhwalawa?

Yankho: Bambo, mtima m'malo. Chikugwacho ndi tsitsi chabe, mizu yake ili momwemo pansi pa khungu. Muzu ukazulidwa n'kubzalidwa pena umayamba wapuma, n'kutaya tsitsi lakale, makamaka pakati pa mlungu wachiwiri ndi wa 8. Ngakhale tsitsi lanu lakale loyandikana ndi powokerapo limatha kugwa nalo. Latsopano limaphuka pakatha miyezi 3 kapena 4, lopyapyala ngati ubweya, ndipo mutu umadzaza bwino pakatha pafupifupi chaka.

Minoxidil nayenso amathothola tsitsi milungu yoyambirira, chifukwa amafulumizitsa mizu kukankha tsitsi lotopa kuti latsopano limere. Musasiye. Wamadzi wa 5% amapakidwa 1 ml kawiri patsiku, pakhungu louma komanso lopola. Kuwonjezera muyezo sikufulumizitsa kanthu, kumangoyabwitsa. Ngati dokotala anakupatsaninso finasteride, mapiritsi ochepetsa kuthothoka kwa tsitsi, muzimwa 1 mg patsiku, ndipo mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka. Mukaleka mankhwalawa, tsitsi lomwe amasunga limayambanso kutha pakapita miyezi.

Choopsa chenicheni chimakhala m'masiku 10 oyamba, mizu isanagwire: kukanda nkhanambo kumazula muzu, ndipo pamatuluka magazi. Inu nthawi imeneyo mwaidutsa. Koma mukaona mafinya, kutupa kapena ululu wonkirankira, bwererani kwa dokotala msanga.