Ndikunyamula simenti koma mikono sikukula

Funso: Achimwene, ndine mnyamata wa zaka 19, ndimakhala ku Ulónguè, ku Angónia. Ndinaumba simenti m'zitini ziwiri n'kulowetsamo chitsulo, ndipo ndimanyamula tsiku lililonse kuseri kwa nyumba, koma mikono idakali ngati bango. Anzanga akuti ndikagule ufa wa mapuloteni ku Tete. Ndipite?

Yankho: Mphwanga, sunga ndalama zakozo. Ukuitopetsa minofuyo. Mnofu sukula pamene ukunyamula, umakula ukamapuma, pamene thupi likukonza zomwe zaphwanyika. Ukagwiritsa ntchito mikono lero, uipatse maola 48. Katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo uzigona maola 7 mpaka 9.

Chitini chakocho chili ndi vuto lina: kulemera kwake sikusintha, ndiye thupi linachizolowera kale. Tenga chigubu cha malita 20. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thira madzi oti unyamule ka 8 mpaka 12, komaliza mkono ukunjenjemera, upume pang'ono, ubwereze katatu. Zikayamba kupepuka, onjeza lita imodzi. Miyendo ndi msana usaziiwale, anyamata ambiri amangoona chifuwa pagalasi. Uzinjuta utakumbatira chigubucho, msana uli chilili.

Za chakudya, nsima ndi mbatata za kachewere zimapatsa mphamvu, koma womanga mnofu ndi ndiwo. Munthu wa makilogalamu 60 wofuna kumanga mnofu amafunika magalamu pafupifupi 100 a mapuloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, choncho phatikiza nyemba, soya, mtedza ndi kapenta wa ku Cahora Bassa.

Ukamva kulasa pamfundo, siya pompo, ukapimitse kuchipatala.