Chigayo cha mphepo chikugogoda mapiko akamazungulira

Funso: Ndine kalipentala, ndili ku Cape Town. Abwana ali ndi kachigayo ka mphepo kakalekale pafupi ndi nyanja, akufuna kaziyendanso ngati Mostert's Mill, chigayo chakale cha mphepo cha ku Mowbray kuno ku Cape Town. Tapenta, tathira girizi, koma mapiko akazungulira kamodzi pamamveka "gu!" Kodi ndi beringi?

Yankho: Achimwene, beringi isiyeni. Kugogoda kamodzi pa kuzungulira kulikonse kungatanthauze kuti mtengo wonyamula mapiko ukusewera m'mutu mwa shafuti imene mapikowo amazunguza. Timitengo tokhomerera pamenepo tauma n'kukhwepa, apo ayi mtengowo wawola mkati.

Mangani buleki, muimike phiko limodzi choloza pansi, mulimangenso ndi chingwe. Kwerani ndi hamala ndi sikuludiraiva. Gogodani mtengowo kuyambira kunsonga mpaka polowera m'shafuti, khutu lili tcheru. Wamoyo umalira "ngwe", wowola umayankha ngati dzungu. Pamene mawu asintha, bayani. Sikuludiraiva ikalowa osalimbana nayo, kapena ikatuluka ndi ufa wonyowa, mtengo wonse uchoke, osaika chigamba. Bayaninso mozungulira bawuti lililonse, chifukwa madzi amalowera m'mabowomo. Kenako tembenuzani mapiko, phiko lina libwere pansi, mpaka onse anayi. Ambiri amayesa limodzi n'kutsika kukamwa tiyi.

Penti mwapakayo ndiye imandikwiyitsa. Imabisa chowola, eni ake n'kumati zakonzeka. Mabawuti otchipa nawonso, mphepo ya mchere imawadya dzimbiri, mtengo n'kung'aluka. Gulani agalavanaizi enieni. Khoma likasweka matani ndi laimu, simenti imatsekera chinyezi mkati.

Abwanawo muwauze kuti Mostert's Mill sinadzuke ndi penti. Inamangidwa cha m'ma 1796 pa famu ya Welgelegen, yogaya tirigu, ndipo pofika m'ma 1870 inali italeka. Mu 1935 anachita kuitanitsa mmisiri ku Netherlands, Chris Bremer, kudzaikonza. Mu 1995 inakonzedwanso, ndiye onani, zaka 60 zokha mitengo inali itatopa kale. Pa 18 April 2021 moto wa m'phiri la Table unanyeketsa denga lake la udzu, mapiko n'kugwa, kutsala khoma. Gulu la Friends of Mostert's Mill linalimbana nayo zaka ndithu kuti izungulirenso.

Mtengo ukapezeka wabwino, khomani timitengo tatsopano touma, mudzakhomenso timitengoto pakatha mwezi. Pakadali pano, mphepo yamphamvu ya southeaster, yochokera kum'mwera chakum'mawa, ikayamba, musamasule buleki.