Ndili ndi viza ya alendo, kodi ndingapite nayo kukatola nkhani ku New York?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito pa wailesi ina kuno ku Blantyre, chaka chachisanu tsopano. Abwana andiuza kuti ulendo uno ndine ndipite ku New York kukatola nkhani za msonkhano waukulu wa United Nations uja umachitika mu September. Mu pasipoti mwanga muli kale viza ya alendo ya B1/B2 yomwe ndinatenga pokaona achemwali anga ku Indiana ndipo sinathe. Anzanga kuntchito akuti ingopita ndi yomweyo aise, pa eyapoti ukanene kuti ukukaona achemwali basi, maikolofoni ubise m'kati mwa zovala. Mtima wanga sukukhazikika. Ndipange bwanji? Mtolankhani wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona, anzanuwo akukulowetsani m'dzenje. Ku America munthu amene akukagwira ntchito ya utolankhani saloledwa kulowa ndi B1/B2, pali viza yakeyake yotchedwa I, ya atolankhani a nyuzipepala, wailesi ndi kanema za kunja. Ndipo musaiwale kuti viza imangokufikitsani pakhomo, wotsegula chitseko ndi ofisa wa CBP, nthambi yoyang'anira malire a America, amene mukamupeze pa eyapoti ya JFK kapena Newark, iyeyo akakufunsani mwabwera kudzatani inu nkunena za achemwali kenako nkupeza rekoda ndi khadi la kuntchito m'chikwama, atha kufafaniza viza yanuyo pompo nkukukwezani ndege yobwerera. Choopsa kwambiri nchoti bodza lonenedwa kwa ofisa wa imigireshoni limatha kukutsekerani America moyo wanu wonse, ndiye achemwali omwewo mudzingowaona pa WhatsApp.

Viza ya I siyovuta ngati mmene anthu amaganizira, sifuna kuti kampani ya ku America iyambe yakupempherani chilolezo ngati mmene zimakhalira ndi maviza ena a ntchito. Chachikulu nchoti wailesi yanu likulu lake likhale kunja kwa America, zomwe zili choncho kale, komanso zimene mukukapanga zikhale nkhani zenizeni. Kukajambula malonda kapena filimu yongosangalatsa anthu sizilowa mmenemu.

Ndiye yambani ndi kalata ya abwana anu, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ambiri amalakwitsira pomwepa. Kalata isakhale ya mizere iwiri yoti uyu ndi wathu muthandizeni. Ifotokoze dzina lanu, udindo wanu, mwagwira zaka zingati, mukukatola nkhani zanji, mukafika liti nkubwerera liti, komanso kuti ndani akulipira tikiti, malo ogona ndi malipiro anu. Ikhale pa pepala la kampani, yosainidwa ndi munthu woti akamuimbira foni ayankhe. Onjezanipo khadi lanu la utolankhani ndi zitsanzo zingapo za ntchito yanu, kwa inu a wailesi ngakhale malinki a mapulogalamu anu akukwana.

Kenako fomu yopemphera viza ya DS-160 pa intaneti. Lembani nokha chonde, osapatsa mnyamata wa pa kafe kuti akulembereni pamene inu mukusewera ndi foni, chifukwa zimene alembe iyeyo ndi zimene mukafunsidwe inuyo. Kuyambira 2019 fomuyi imafunsanso maina amene mwagwiritsa ntchito pa Facebook, X ndi kwina m'zaka 5 zapitazi, tchulani onse ngakhale akaunti ija munaisiya kalekale. Ndalama yopemphera vizayi inakwera mu June 2023 kuchoka pa madola 160 kufika 185, ndipo akakukanani sabweza. Chithunzi chikhale chojambulidwa m'kati mwa miyezi 6 yapitayi, kumbuyo koyera, osavala magalasi, pasipoti nayo ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kupitirira tsiku lobwerera. Intavyu mukapangira ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, musadikire August ayi, nthawi imeneyo aliyense amakhala akuthamangira komweko.

Mwina munamva za chikole chija boma la America linayamba mu August 2025, choti a Malawi ndi a Zambia azisiya madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 asanapatsidwe viza. Chimenecho anachiika pa B1/B2, osati pa I. Komabe malamulo a maviza a dziko limeneli akusinthasintha masiku ano moti muwerenge kaye pa webusaiti ya ofesi ya kazembeyo musanalipire kalikonse.

China chimene anthu amasokoneza: viza ndi ina, chilolezo cholowera mu nyumba ya United Nations ndi china. Chachiwirichi chimaperekedwa ndi ofesi yawo ya atolankhani yotchedwa Media Accreditation and Liaison Unit, mumapempha pa intaneti ndi kalata ya mkonzi wanu ndipo amakhala ndi tsiku lotsekera msonkhano usanayambe. Mukachipeza msanga tengani umboni wake popita ku intavyu, ofisa akaona kuti ulendowu uli ndi mutu.

Ndikudziwa akuwerenga pano enanso amene alibe bwana, amangogulitsa nkhani uku ndi uku. Inunso mutha kupeza viza ya I koma pafunika kontrakiti yeniyeni ndi nyuzipepala kapena wailesi imene yakutumani, kungonena kuti ndikakafika ndikaona ogula sizitheka. Ndipo nonse mukafika kumeneko mugwire ntchito ya amene anakutumani yokha, osayamba maganyu kwa ena.

B1/B2 yanuyo isungeni ya ulendo wa ku Indiana. Lolemba likubwerali kakhaleni pansi ndi abwana mulembe kalata ija, ndipo muwauze kuti madola 185 aja atuluke m'thumba la wailesi poti ulendowu ndi wawo.