Nkhuku zikamatola chimanga n'kusiya ufa m'modyeramo

Mayi wina wa ku Mabvuku, dera la mumzinda wa Harare, wandilembera imelo. Ali ndi nkhuku 30 zoikira za mtundu wa Hy-Line Brown ndipo amazigulira layers mash, chakudya chogaya cha nkhuku zoikira, koma akuti zimangotola misere ya chimanga n'kusiya ufa pansi. Madzulo mayiyo amakhuthula ufawo n'kuthira chakudya china. Mazira achepa, ena akuphwanyika m'manja potola. Akufunsa ngati asiye kampani yomwe amagulako.

Amayi, musafulumire kusintha kampani. Chandipweteka mtima ndi ufa mukutayawo, chifukwa ndi umene uli ndi mavitamini, mchere ndi kashiamu wambiri womanga chigoba cha dzira. Nkhuku imasankha ndi maso, imayamba kujompha chachikulu ndi chowala. Mukamawonjezera chakudya modyeramo musanathe, tsiku lililonse imakhuta chimanga chokha. Imanenepa, mafuta n'kudzaza m'mimba, mazira n'kumachepa. Taonaninso zomwe zimachitika pothira: zamphamvu zimathamangira kutsogolo n'kumaliza misere yonse, zofooka n'kutsala zikuzungulira kumbuyo.

Yambani ndi kuyeza. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, choncho zanuzo zikufunika makilogalamu pafupifupi 3.5, ndipo thumba la makilogalamu 50 liyenera kukufikitsani milungu iwiri. Gawani pawiri, pang'ono m'mawa, chambiri masana dzuwa likapendeka. Pakati pa tsiku modyeramo muyere mbee kwa ola limodzi kapena awiri, kuti zinyambite ufa wonse. Zidzalira masiku oyamba, limbani mtima. Ufa ukamatsalabe, uwazeni madzi pang'ono ukhale wonyowa ngati madeya ovuwika, zidzaudya mosangalala. Koma nyowetsani wongokwana kudya nthawi yomweyo, chifukwa ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Harare suchedwa kusasa ndi kuchita nkhungu.

Nanga pogula? Kaya ndi chakudya cha kampani ya National Foods, Profeeds kapena Agrifoods, werengani kapepala kosokedwa pathumba. Mapuloteni akhale 16 mpaka 18 peresenti, kashiamu 3.5 mpaka 4 peresenti, ndipo onani tsiku lomwe chinapangidwa. Ngati thumba lanu la ndalama likulola, ine ndingasankhe pellets kapena crumbs, chakudya choumbidwa timibulu, popeza zonse zinamatidwa pamodzi ndipo nkhuku ilibe chosankha. Posintha, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa mlungu umodzi. Chakudya chopimidwa m'ndowa pamsika, chopanda kapepala, ndimachikayikira kwambiri, simungadziwe chomwe chathiridwamo.

Pali china chomwe ife a kumudzi tinazolowera, kuwazira nkhuku chimanga, gaga ndi mikute ya nsima. Kwa ma roadrunner, nkhuku zachikuda zoyenda zokha pabwalo, palibe vuto. Koma layers mash ndi chakudya chokwanira kale, mukathiramo chimanga kuti thumba lichedwe kutha ndiye mwachisukulutsa. Choyenera kusakaniza ndi chimanga ndi concentrate, chakudya chopangidwa kuti muzithiramo chimanga nokha, potsata muyezo wolembedwa pathumba lake.

Za zigoba zofewazo, ikani laimu wa nkhuku wamiseremisere kapena zigoba za oyster (nkhono za m'nyanja) zophwanya m'kambale kapadera, makamaka madzulo, chifukwa chigoba chimapangidwa usiku ndipo dzira lililonse limatenga magalamu pafupifupi 2 a kashiamu. Madzi asasowe ngakhale pang'ono, nkhuku imamwa kuwirikiza kawiri zomwe yadya. Pakatha milungu iwiri mukuchita zimenezi, mundilemberenso kuti mazira akutuluka angati patsiku.